Mkuyu Umene Ndinaudzutsa Msanga

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Kampani imanditumizira ndandanda pafoni, ine n'kukwera basi, kukasambitsa munthu, kumuveka, kumumwetsa mankhwala, kumukonzera chakudya, kenako ulendo kwa wina. Ndaigwira zaka zingapo kuno ku Hamilton, m'dziko la Canada, ndipo malamulo ake ndikhoza kuwalakatula ndili m'tulo. Awiri mwa malamulowo ndi awa: usagwire ntchito imene sinalembedwe papepala, ndipo usatuluke m'nyumba ya munthu ndi kanthu kake, ngakhale kasingano. Ukaswa lachiwirili sakufunsa zambiri, ntchito yatha, ndipo kampani ina singakulembenso. Ine ndinaswa onse awiri chifukwa cha mtengo.

Mwini mtengowo anali madala ena a ku Italy, azaka zoyandikira makumi asanu ndi anayi, amene anakalambira m'fakitale ya zitsulo. Sitiroko inawapha dzanja ndi mwendo wakumanzere, koma pakamwa inapasiya pali pakuthwa. Akazi awo anali atamwalira kale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, mayi wamkulu kuposa ine, ankakhala kutali, kutauni ya Mississauga, n'kumabwera Lamlungu. Tsiku langa loyamba madalawo anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi, n'kundifunsa ngati ndimadziwa kugwira khasu. Ndinawayankha kuti ndabwera kudzawasambitsa, osati kudzalima.

"Ndiye ndiwe wopanda ntchito ngati anzako aja," anatero.

Tinkayankhulana m'Chingerezi, chawo chothyokathyoka, changa cha ku Domasi, koma chipongwe chimamveka m'chinenero chilichonse. Ndinatuluka m'nyumbamo nditalumbira kuti ndikapempha ku ofesi andisinthe. Sindinapemphe.

Mpando wawo unkakhala pawindo loyang'ana kuseri kwa nyumba, ndipo tsiku lonse maso awo ankakhala pa kamtengo kamodzi ka masamba akuluakulu kamene kanali pafupi ndi mpanda. Atandiuza kuti ndi mkuyu ndinaseka. Kwathu mkuyu ndi chimtengo choti anthu anayi sangachizungulire ndi manja, ndipo nkhuyu zake timasiyira mbalame ndi ana, chifukwa ukazing'amba mumakhala modzaza tizirombo. Uwu sunkapitirira n'komwe denga la galaja. Madalawo sanakwiye. Anandituma kuti ndikathyole imodzi yofewa, yong'aluka pang'ono kumunsi, ndidye pomwepo. Munali mu Seputembala. Ndinaluma, ndipo ndinachita manyazi ndi kuseka kwanga kuja, chifukwa chipatso chokoma choncho ndinali ndisanadyepo.

"Kumeneko ndiye kwathu," anakuwa ali pawindo. "Wadya kwathu."

Nkhani za kwawoko ndinazimva m'bafa. Mwamuna wamkulu akamasambitsidwa ndi mkazi wachilendo amachita manyazi, ndipo aliyense amakhala ndi njira yake yobisira manyaziwo. Ena amatsinzina, ena amatukwana. Awa ankandifotokozera za tauni yawo, maso ali kudenga. Pakutha pa miyezi iwiri ndinkaidziwa moti akananditula kumeneko ndikanafika kunyumba ya bambo awo osafunsa njira.

Ndi katauni kakang'ono kakummwera kwa Italy, kokhala pamwamba penipeni pa phiri. Nyumba zake ndi zamiyala, zogundana, ndipo misewu ina ndi masitepe okhaokha, bulu yekha ndiye amakwera ndi katundu. Mbali ziwiri za phirilo kuli mitsinje imene nthawi yotentha imauma gwa, n'kutsala miyala yokhayokha, koma mvula ikagwa imakokolola milatho ndi mbuzi zomwe. Nthaka yake ndi makande. Ikakhuta madzi imagumuka, munda wa munthu n'kukapezeka uli m'munda wa mnzake, milandu n'kuyambira pamenepo. Nthawi zina nthakayo imagwedezeka ndi chivomezi, n'chifukwa chake khoma la tchalitchi lawo lili ndi zigamba za mibadwo yosiyanasiyana. Tsiku lopanda nkhungu ukaima pakhomo la tchalitchilo umaona nyanja yamchere patali, kamzere chabe. Pakati pa phiri ndi nyanjayo pali chigwa cha tirigu ndi madambo.

Za nyengo tinkatsutsana. Iwo ankati kwawo mvula imagwa nthawi yozizira, ndipo nthawi yotentha kumwamba kumangoti mbee miyezi inayi. Ine ndinkati zimenezo n'zosokonekera, mvula imabwera ndi kutentha, munthu aliyense amadziwa. Ankatinso kumabwera chimphepo chotentha chodzaza fumbi lofiira, chimene chimadwalitsa mutu ndi kuyambanitsa anthu pabanja, ndipo chimachokera kwathu ku Afirika. Ankandiloza ndi dzanja lawo lamoyo lija ngati ndinkachitumiza ndine. Sinowo kwawoko imagwa kamodzi pazaka zingapo, n'kusungunuka dzuwa lisanafike paliwombo. Mkuyu umamera wokha, ngakhale m'ming'alu ya khoma, palibe amauthirira kapena kuufunditsa.

Chimene sindinkamvetsa n'chakuti anthu anzeru zawo amamangiranji pamwamba pa phiri, madzi ali kumunsi. Kwathu ku Domasi phiri timangoliyang'ana, tikakwera ndiye kuti tikukatola nkhuni. Madalawo anati makolo awo akalekale ankakhala kumunsi, m'mphepete mwa nyanja, pamalo pamene anthu a ku Greece anafikira ndi mabwato n'kumanga mudzi. Alimi akamalima kuchigwako amafukulabe mapale a mbiya zawo. Zinawathamangitsa kumeneko ndi zinthu ziwiri. Choyamba chinali zombo za anthu akuba anzawo, zimene zinkafika mwadzidzidzi, kugwira amayi ndi ana kukawagulitsa kutsidya. Anthu anathawira m'mapanga a paphiri momwe munkakhala kale anthu ena opemphera, kenako anamanga linga ndi nsanja yoonera zombo zikadali kutali. Chachiwiri, anatero, ndi matenda amene ine sindingawadziwe, otentha thupi ndi kunjenjemera, ochokera m'madambo.

Ndinasiya kuwapukuta msana n'kuwafunsa ngati akunena malungo. Anatembenuka. Ndinawauza kuti ndadwala malungo kosawerengeka, ndipo mng'ono wanga anamwalira nawo asanayambe sukulu. Kenako anandiuza kuti ali mwana, banja lonse linkatsikira kuchigwa kukakolola tirigu wa anthu olemera, kugona komweko sabata ziwiri, ndipo chaka china kamlongo kawo kanakwera phiri kali kumsana kwa mayi awo thupi lili moto, osadzukanso. Mayi awowo ankatunga madzi pakasupe kunja kwa linga, mtsuko pamutu, nkhata ya nsanza. Ine ndinali ndisanaganizepo kuti mzungu angadziwe nkhata. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kunditchula wopanda ntchito, ndipo ine ndinayamba kuwaitana bambo.

Mkuyu wa pawindo uja unachokera pamtengo wa pakhomo pa bambo awo. Madalawo anabwera kuno ndi kanthambi kamodzi ali mnyamata wosakwatira. Mtengo wa kwawowo kulibenso, amene anagula nyumbayo anaudula kuti aziimikapo galimoto. Ndiye wa ku Hamilton ndi wokhawo unatsala. Vuto lake, ankatero, mtengowu sudziwa kuti uli ku Canada. Kuzizira kwa kuno kungauphe, choncho chaka chilichonse masamba akayoyoka amaugoneka pansi n'kuukwirira, kuzizira kukatha n'kuufukula. Anthu akwawo ambiri kuno amachita choncho. Iwo anachita zimenezi zaka zoposa makumi asanu, ndipo sitiroko itawagwira ankawachitira mnzawo wa kufakitale, amene anamwalira chaka chomwecho ine ndinayamba kupita kumeneko.

Novembala atafika masamba anayoyoka, ndipo madalawo anayamba kusowa mtendere. Anapempha mwana wawo. Iye anayankha kuti nkhuyu zimagulitsidwa m'sitolo, ndipo msana wa mwamuna wake si wokumbira maenje. Sindimuweruza mayiyo, anali wotopa ndi ntchito, ana, ndi msewu wautali uja. Lolemba lake madalawo anakana kusamba.

"Unati sunabwere kudzalima," anatero. "Koma khasu umalidziwa. Manja ako ndawaona."

Ndinapita kunyumba mutu uli wolemera. Amuna anga atamva anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Amayi, mukufuna muluze job chifukwa cha mtengo? Akakulipotani ku ofesi mukanena kuti chiyani?"

"Loweruka sindikhala pa shifiti," ndinatero. "Ndipo sindipita ndekha, abambo. Mupita nane."

Anang'ung'udza mpaka Loweruka, koma anapita. Madalawo anakhala pakhomo lakuseri atafunda bulangete, akulamula ngati kapitawo. Poyamba ndinadula nthambi zazitali, zotsalazo tinazimanga pamodzi ndi chingwe. Kenako tinakumba dzenje lotalika ngati mtengowo, lofika m'mawondo, tinadula mizu mbali imodzi, n'kuupinda pang'onopang'ono mpaka unagona m'dzenjemo. Unkalira ngati uthyoka. Pamwamba tinayala matabwa, kapeti yakale, masamba ouma, kenako dothi. Amuna anga anapukuta thukuta, anayang'ana mulu wa dothiwo, anayang'ananso mawindo a nyumba zoyandikana.

"Anthu akuda awiri akukumba manda kuseri kwa nyumba ya mzungu. Apolisi akabwera muyankhule ndinu. Ine ndasanduka mdzukulu ku Canada."

Madalawo sankamva Chichewa koma anaseka nawo. Kenako anandigwira dzanja n'kunena mawu amene ndimawamvabe mpaka lero.

"Usaudzutse mpaka ine nditanena. Kuno dzuwa limanama."

Nthambi zimene ndinadula zija anati ndiziike m'thumba la zinyalala za m'munda. Ndinaziika, koma osati zonse. Ine ndine mwana wa mlimi wa chinangwa. Kwathu ukazula chinangwa mitengo yake sutaya, ndiyo mbewu ya chaka chamawa, umaiduladula n'kuizika. Bambo anga akanandiona ndikuponya nthambi zamoyo m'zinyalala akanandifunsa kuti anandilera ndani. Ndinasankha tidutswa tisanu ta maso abwino, n'kutilowetsa m'chikwama changa madalawo akuyang'ana kumbali. Sindinapemphe. Ndinadziwa kuti ndikapempha nkhaniyo idzawapulumuka pakamwa mwana wawo ali pomwepo, kenako ikafika ku ofesi. Kunyumba ndinatizika m'zidebe za yogati n'kutiika pawindo la kukhitchini. Amuna anga anangopukusa mutu.

Nyengo yozizira yonse madalawo ankayang'ana mulu wa sinowo pamene panali mtengo. M'mawa uliwonse ndikangolowa, jekete ndisanavule, ankandifunsa kuti kwawo kwacha bwanji. Ndinkatsegula foni n'kuwawerengera nyengo ya tauni yawo: lero kuli dzuwa, lero kuli mvula ndi mphepo ya kunyanja. Ankagwedeza mutu n'kundiuza zimene anthu akuchita kumeneko tsiku lotere, kudulira maolivi kapena kupha nkhumba, ngati anagona komweko. Kunja kwa windo lathu kunali kuzizira kodula zala.

Kumapeto kwa Malichi anadwala chibayo, ambulansi inawatenga, ndipo dzina lawo linachoka pandandanda wanga. Kunyumba kwawo ndinalibenso chifukwa chopitira. Koma basi yanga inkadutsa pafupi, ndipo kageti kam'mbali sikankakiyidwa.

Sabata yoyamba ya Epulo kunatentha mwadzidzidzi. Anthu anavula majekete, ana ankayenda ndi makabudula, sinowo inasungunuka masiku awiri okha. Nditasuzumira kuseri kuja ndinapeza madzi atadzaza pamwamba pa dzenje, chithaphwi chenicheni, dzuwa likuwomba pamenepo. Ndinakumbukira chaka chimene mtsinje unasefukira m'munda mwa bambo anga. Madzi anakhala masiku anayi okha, koma titazula, chinangwa chonse chinali phala lonunkha. Chinthu chamoyo chokwiriridwa m'dothi lonyowa ndi lofunda chimaola, zimenezo ndinkazidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa.

Ndinapita kuchipatala kukawafunsa. Ndinawapeza ali ndi kapaipi ka mpweya kumphuno, akuyankhula Chitaliyana chokhachokha, ndipo ananditchula dzina la munthu wina. Mwana wawo anali pambali pa bedi. Ndikanamufunsa iyeyo, koma iye ankaganiza kuti mtengo anaukwirira ndi anthu a kutchalitchi kwa bambo ake, ndipo ine sindinafune adziwe zoona. Ndinapepesa za matendawo, n'kutuluka ndi funso langa.

Masiku atatu ndinadya osamva kukoma. Ndikausiya uola, ndikaufukula ndaswa mawu awo. Ndinkayang'ana kumwamba ngati mmene timayang'anira kwathu. Kwathu kuzizira kukapita mu Ogasiti kwapita ndithu, sikubwereranso kudzatsanzika. Mbalame zinali zitabwera, udzu utayamba kubiriwira, nthaka ikufuka nthunzi. Zaka zonse ndinakhala kuno nyengo ndinkaionera pawindo la basi, ndinali ndisanadzalepo kanthu panja. Amuna anga anati tidikire sabata ina. Ndinawafunsa kuti akudziwa chiyani za ulimi, munthu wokulira ku Ndirande. Tsiku lachinayi anatenga fosholo n'kunditsatira.

Titachotsa matabwa panatuluka fungo la chuku, ndipo khungwa linali ndi timadontho toyera. Ndinadzitama. Ndinawauza amuna anga kuti mwaonatu, tikanachedwa tikanaika maliro enieni. Tinauimika, tinauchirikiza ndi thabwa, tinakwirira mizu. Pasanathe sabata maso a nthambi anatupa, timasamba tobiriwira tinatuluka, ndi tinkhuyu ting'onoting'ono ngati nandolo. Ndinajambula pafoni kuti ndidzawaonetse madala akadzatsitsimuka. Chithunzi chimenecho ndili nachobe, koma sindichiyang'ana.

Kenako mphepo inatembenuka. Ndili m'basi Lachisanu masana, foni inaonetsa kuti kuzizira kukubwerera, koopsa, kwa masiku atatu. Ndinatsika pasiteji yosakhala yanga. Kuukwiriranso sikukanatheka, timasamba tija tikanathothoka tonse, ndiponso amuna anga anali kuntchito. Ndinathamangira kunyumba, ndinatenga zitenje zanga zinayi ndi bulangete, ndinakakulunga mtengo wonse ngati mwana wodwala. Kunagwa mvula yozizira imene imaundana ikangofika pansi. Loweruka m'mawa ndinapeza zitenje zili gwa ngati malata. Lolemba nditazichotsa, timasamba tonse tinali takuda, tofota, tikugwa ndikangotikhudza.

Ndinaima pamenepo n'kulira, ine mayi wamkulu, m'munda wa eni.

Ndinkapitabe tsiku lililonse kukaona ngati paphukanso kanthu. Panalibe. Mantha anandiphunzitsa chinyengo: tsiku lina ndinakwera mabasi awiri kupita kumene amagulitsa mbande, kukafuna mkuyu wofanana nawo woti ndikadzale pamalopo. Inalipo, m'miphika yakuda, yokongola. Ndinayang'ana tsamba lake n'kuona kuti manyanga ake ndi ena. Ngati ine, mlendo wa chaka chimodzi, ndinaona kusiyanako, nanga munthu amene anauyang'ana zaka makumi asanu? Ndinabwerera chimanjamanja.

Mkati mwa Meyi dzina la madala linabwereranso pandandanda, ndipo ndinaliyang'ana ngati chisamani cha kukhoti. Ndinawapeza ataonda, mawu atachepa, koma mutu uli bwinobwino. Chinthu choyamba anapempha n'chakuti ndiwakankhire pawindo. Mitengo yonse ya anthu oyandikana nawo inali yobiriwira. Wawo unali chiimirire, wotuwa, wopanda tsamba.

"Anaudzutsa ndani?"

"Ndine, bambo."

"Liti?"

Ndinawauza zonse, za madzi, za chuku, za chinangwa cha bambo anga, za zitenje. Sanandidule mawu. Anandituma kuti nditenge mpeni ndikapale khungwa, likakhala lobiriwira mkati ndikweze dzanja. Ndinapala kunsonga, linali lofiirira. Anandilozera pansi ali pawindopo. Ndinapala pakati, chimodzimodzi. Ndinatsika mpaka ndinagwada, kupala patsinde penipeni, ndipo dzanja langa silinakwere. Nditabwerera m'nyumba ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndinkafuna anditukwane.

"Ndinakuuza kuti dzuwa limanama," anatero, basi.

Mwina madzi aja anali ataoletsa kale mizu, mwina ndinaupha ndine pouika pachisanu. Amuna anga amakonda kunena zoyambazo pofuna kunditonthoza. Ine sindidziwa, ndipo sindidzadziwa.

Kuyambira pamenepo m'bafa munalibenso nkhani. Ankatsinzina ngati madala ena onse. Anasiya kufunsa kuti kwawo kwacha bwanji, ndipo tsiku limene ndinayesa kuwawerengera ndekha anandiuza kuti ndibweze foni m'thumba. Anapempha kuti mpando uchoke pawindo uyang'ane wailesi yakanema, imene ankadana nayo. Chakudya ankangochitosa. Mwana wawo anayamba kunena za nyumba yosungirako okalamba, ndipo iwo, amene kale ankamenya tebulo akamva mawu amenewo, anangoti zili kwa iwe.

Pawindo la kukhitchini kwanga tidutswa tiwiri tinali titauma, koma titatu tinali ndi masamba aakulu ngati chikhatho changa. Ndinkatithirira m'mawa uliwonse mtima ukugunda ngati ndabisa katundu wakuba, ndipo kunena zoona ndi mmene zinalili. Sabata zitatu ndinalimbana ndi maganizo.

"Mukapita nako mwadzilipota nokha," anatero amuna anga. "Mwana wawoyo angoimba foni imodzi, basi. Mukapepese bwinobwino, madalawo aiwala."

"Saiwala, abambo. Akufota ine ndikuona."

"Ntchito ikatha, ife tizidya nkhuyu?"

Lachiwiri m'mawa ndinaika chidebe chimodzi m'jumbo, ndinakwera nacho basi nditachikumbatira pamiyendo. Pofika ndinapeza galimoto ya mwana wawo ili pakhomo. Silinali Lamlungu, anabwera ndi mapepala a nyumba ya okalamba ija. Ndinaima pamsewu kanthawi, miyendo ikufuna kubwerera. Ndinalowa.

Ndinaika chidebe patebulo pamaso pa madala n'kutsitsa jumbo. Anayang'ana kamtengoko. Anatambasula dzanja, anatikita tsamba ndi zala, ananunkhiza zalazo, n'kutsinzina.

"Mwautenga kuti umenewu?" anafunsa mwana wawo.

Ndinanena kuti ndi nthambi ya mtengo wa bambo, ndinaitenga mu Novembala tsiku limene ine ndi amuna anga tinaukwirira. Ndinaona nkhope yake ikusintha pamene ankalumikiza zinthu. Anafunsa ngati kampani ikudziwa zoti ndimakumba m'munda ndi kutuluka ndi zinthu za pakhomo pano.

"Ndinamupatsa ndine," madala anatero, akadali chitsinzinire. "Ndinachita kumukakamiza. Ukaimba foni kumeneko, ine ndiimba kawiri."

Mayiyo anayang'ana bambo ake, anayang'ana ine, n'kupita kukhitchini kukatereka khofi. Foni sanaimbe, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Titatsala awiri madala anatsegula maso.

"Wakuba iwe."

"Inde, bambo."

"Inenso ndinaba."

Anandiuza kuti bambo awo sankafuna kuti apite ku Canada, anakana ngakhale kutsanzikana nawo. Ndiye m'mawa wa tsiku la ulendo anadula kanthambi mobisa, anakakulunga m'kansalu konyowa, n'kukasokerera mkati mwa jekete. Sanaonanenso ndi bambo awowo. M'nkhani zonse za m'bafa zija imeneyi sinatulukepo, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale mwana wawo sanaimvepo.

Anandiuza kuti ndibwezere mpando pawindo ndi kuika chidebe pafupi. Anafunsa kuti kunyumba zatsala zingati, ndinati ziwiri, anati zimenezo ndi zanga. Kenako anafunsa kuti kwawo kwacha bwanji. Mtima wanga unakhala pansi koyamba chichokereni Epulo, ndipo chifukwa cha chimwemwe ndinayankhula zopusa. Ndinati mwaona bambo, sitinataye kanthu, chaka chino mudyanso nkhuyu zakwanu.

Anandiyang'ana mwachifundo, n'kukweza zala zitatu.

"Kamtengo kotere kamabala pakatha zaka zitatu. Za chaka chatha zija zinali zomaliza zanga. Iwe udzadya. Koma usadzaudzutse msanga."

Anamwalira mu Febuluwale wotsatira, m'nyumba mwawo momwemo, mapepala aja osasainidwa. Nyumba inagulitsidwa. Chidebe chija mwana wawo anachitengera ku Mississauga, ndipo tsiku lina anandiimbira foni kufunsa kuti amathirira kangati. Iwiri yanga ili m'miphika ikuluikulu pakhonde la fulati yathu, ndipo nyengo yozizira timaikokera m'kachipinda kozizira kosungiramo katundu, popeza malo okumba dzenje tilibe. Epulo aliyense dzuwa likatentha manja anga amayabwa, koma ndimadzigwira mpaka Meyi.

Chaka chino umodzi unabala. Yoyamba itapsa ndinaithyola, yofewa, yong'aluka pang'ono kumunsi. Ndinaigwira m'manja nthawi yaitali, mpaka amuna anga anafunsa ngati ndidya kapena ndikuiwombeza. Ndinadya nditaimirira pakhondepo. Inali yokoma ndendende ngati ya mu Seputembala ija.